Chaka chikukwana anganga atatisiya: Misa, chiliza kapena sadaka? Abale tagawikana

Mdzukulu_wa_kwaMponda:

Moni nonse. Pepani nkhani yanga italika koma ndilibe kwina kokafunsa, ku gulupu ya banja pa WhatsApp kwatentha moti dzulo amalume ena anatulukamo mokwiya, m'mawa uno tachita kuwapepesa ndikuwabwezeretsa kkk.

Agogo anga obereka mayi anga, ife timati anganga monga mmene timatchulira kuno ku Mangochi, anamwalira mu Novembala chaka chatha. Anali mkatolika weniweni, osati ngati ifeyo oonekera pa Khrisimasi ndi pa Pasaka basi. Ine anandilera ndi iwowa kuyambira ndili sitandade 2 ndiye ndikamati ndinkawadziwa sindikunama ayi. Folo koloko m'mawa, azana isanamveke n'komwe ku mzikiti wapafupi, umangomva kunong'ona kuchipinda kwawo, ndiye kuti kolona yayamba. Kolona yakeyo inaduka kangapo mpaka anachita kuilumikiza ndi ulusi wa ukonde wa agogo aamuna. Kawailesi kawo sikankadziwa siteshoni ina koma Radio Maria, uyese kusintha kuti umveko mpira wa Bullets ndiye wapalamula. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa ngati usipa. Lachinayi ku bungwe la amayi achikatolika (CWO), Loweruka kukasesa ku tchalitchi, Lamulungu madzulo ku mphakati, ndipo munthu akadwala m'mudzi muno kaya ndi wa mpingo wanji mumangowaona atanyamula kabakuli ka phala ulendo.

Koma anakwatiwa ndi Msilamu. Agogo aamuna anali Myao, msodzi wa pa nyanja ya Malombe, anamwalira kalekale. Ndiye ana awo anayi amene ali moyo ali chonchi: mayi anga ndi amalume aakulu ndi akatolika, amalume aang'ono ndi mayi aang'ono ndi Asilamu. Pamaliro panalibe vuto, akumpingo anaimba usiku wonse, Misa inachitika, abale achisilamu anakumba nawo manda. Vuto labwera pano.

Amalume aakulu ali ku Joni, ndiwonso mwinimbumba, akuti timange chiliza cha matailosi chokhala ndi chithunzi, atumiza theka la ndalama ena tonse tisonkhe. Amalume aang'ono ndi mayi aang'ono akuti ayi, ndalama imeneyo tigule mpunga ndi mbuzi tichite sadaka anthu adye. Mayi anga akuti iwo Misa yokha ikwana, zinazo ndi zodzionetsera. Ine andipatsa ntchito yolemba mbiri yoti idzawerengedwe patsikulo, ndipo apa ndi pamene ndachita manyazi, chifukwa ndazindikira kuti ngakhale chaka chimene anabadwa sindikuchidziwa. Pa ID ija analembetsa mu 2017 anangoyerekeza, iwowo ankangoti pa njala ya 1949 ndinali kamtsikana kotha kubereka mwana kumsana.

Ndiye funso langa, kodi Misa ingachitikire kunyumba kapena kumanda? Nanga kuphatikiza Misa ndi sadaka tsiku limodzi n'kulakwira mpingo, kapena kulakwira Asilamuwo? Komanso chaka chobadwa munthu angakachipeze kuti?


Katekisiti_wopuma:

Pepani mdzukulu ndi zovutazi, mzimu wa agogo anu uuse mumtendere.

Musayambire kwa bambo mfumu, yambirani kwa wapampando wa mphakati umene gogoyo ankasonkhana. Iyeyo ndi amene akutengereni ku ofesi ya parishi kukalembetsa Misa. Pamakhala kachopereka, afunseni komweko. Misa yopempherera womwalira imatheka pafupifupi tsiku lililonse, dzina lawo limatchulidwa pa guwa, ndipo mwachita mwayi kuti chakachi chikukwana mu Novembala umene ndi mwezi wopempherera mizimu ya omwalira, kuyambira pa 2 paja. Koma mwayi womwewo ndiwo vuto, chifukwa ansembe ndi ochepa, matchalitchi a m'midzi ndi ambiri, ndipo mwezi umenewu aliyense amafuna bambo mfumu akafike ku manda akwawo. Ndiye pitani msanga. Akapanda kupezeka kuti abwere kumudzi, chitani Misa ku tchalitchi m'mawa, kenako katekisiti kapena akuluakulu a mpingo akatsogolere mapemphero kumanda ndi madzi odalitsidwa. Zimenezi zimachitika kwambiri, musaone ngati mwawachepetsa agogo.

Za chakudya mpingo suletsa. Kudyetsa anjala ndi ntchito ya chifundo imene gogoyo ankachita yekha ndi kabakuli kake kaja. Chimene ndingakuchenjezeni n'choti mapemphero asasakanizidwe, mbali iliyonse ipemphere mwa njira yake pa nthawi yake.

Za chaka chobadwa, kafufuzeni kumene anabatizidwira, osati kumene anamwalirira. Mishoni iliyonse imasunga buku la ubatizo, ndipo m'buku limenelo amalembamo mayina a makolo, mudzi, komanso pambali pake amadzawonjezera za ulimbitso ndi za ukwati. Ngati anabatizidwa ali wakhanda ndiye mwapeza. Ngati anabatizidwa atakula, ataphunzira kalasi, chaka chobadwa chimakhalanso choyerekeza koma chimayandikirako kusiyana ndi cha pa ID. Yambani mwatsegula sutikesi yawo, amayi a nthawi imeneyo khadi la ubatizo ndi la mtulo ankalisunga kuposa ndalama.

Ndiwonjezere kamodzi poti dzina lanu likuti ndinu wa kwa Mponda. Ansembe oyamba achikatolika kufika m'dziko muno, a White Fathers, anafikira kwanuko mu 1889, ndipo mu 1891 ananyamuka osakhazikitsa mpingo. Mpingo unadzamera bwino a Montfort atafika ku Nzama mu 1901. Dayosizi yathu ino ya Mangochi inakhazikika mu 1973 ndi Ambuye Assolari. Ndiye mukamalemba mbiriyo dziwani kuti mayi wokhala mkatolika kwa Mponda zaka zonsezo, pakhomo pa mwamuna wachisilamu, sanali kuyenda ndi gulu ayi. Zimenezo zilowe mu mbiri.


Mjomba_wa_kuNamwera:

Ine ndine Msilamu, ndiyankheko mbali yathu poti mwafunsa. Choyamba funsani amalume anu aang'onowo kuti akamati sadaka akutanthauza chani kwenikweni chifukwa ifenso sitili pamodzi pa nkhaniyi. A Kadiriya amachita sadaka ya womwalira, ya masiku atatu, ya masiku 40, mpaka ya pachaka, ndi sikiri yomwe, kuimba kuja kotamanda Mulungu. A Sukuti zimenezo amakana, amati n'zowonjezera. Ndiye zitengera kuti iwowo ndi a mbali iti.

Chachiwiri, kunena mosabisa, mashehe ambiri sangabwere kudzawerenga duwa, ndiye kuti pemphero, ya munthu amene anamwalira ali mkhristu, ndiye ngati amalumewo akuganiza zoitana shehe akhoza kukhumudwa. Koma kuphika chakudya, kuitana anthu a m'mudzi, amasiye, okalamba, adye pokumbukira mayi amene anakubereka, palibe angakuletse. Mayi ndi mayi basi, chipembedzo chathu chimatilamula kulemekeza makolo ngakhale asali Asilamu. Ine azakhali anga anali a Anglican ku Malindi ndipo tinachita chomwecho, iwo anapita kutchalitchi ife tinatsala pakhomo kusenda mbuzi, atabwerako tinadyera limodzi.

Chimene chimayambanitsa anthu pa zochitika zoterezi si mapemphero ayi, ndi mphika. Mbuzi achinje Msilamu, nkhuku chimodzimodzi. Nkhumba isayandikire n'komwe, ndipo mapoto obwereka muwafunse kuti anaphikiramo chani. Mowa ngati achinyamata akufuna akamwere kutali, pakhomo pakhale thobwa. Mukalakwitsa pamenepa muona abale anu akhala pamkeka mwaulemu koma mbale osaikhudza, kenako nkhani ikhala yoti anatiitana kudzationetsa chakudya.


Kabaza_wa_paBoma:

Aaa koma za chiliza cha matailosi zimanditopetsa ine. Pitani ku manda alionse muone, wasanduka mpikisano, uyu wamanga ngati bafa la ku hotela winayo akuti ine ndiposa pamenepo. Simenti mmene yakwereramu chitsikireni kwacha mu 2023 munthu n'kumakakamiza abale osauka kuti asonkhe? Funso ndi loti amalume a ku Joniwo gogo ali moyo ankatumiza zingati za shuga ndi sopo. Sindikuwadziwa, mwina ankatumiza, koma ambiri amene ndawaona amakumbuka mayi awo akakhala pansi pa dothi, chifukwa chiliza anthu amachiona pomwe paketi ya shuga palibe amaiona. Ine ndili mbali ya mayi anuwo, Misa basi, ndalama yotsala mulipirire mwana wina fizi.


Mayi_wa_CWO:

Achimwene a kabaza mwalankhula zoona koma mwapitirira nazo pang'ono. Chiliza si tchimo. Dothi lathu kuno ndi lamchenga, mvula ikabwera ngati ya Freddy ija mitumbira imafafanizika, mtanda wa thabwa chiswe chimadya chaka chimodzi. Ife manda a mayi athu tinachita kukangana kuti ndi awa kapena awo, zinali zomvetsa chisoni. Ndiye kachiliza ka simenti wamba, mtanda ndi dzina, n'kofunika ndithu. Matailosi ndi chithunzi ndiye zilibe ntchito. Komanso munthu ali kutali, mwina maliro a mayi ake sanakhalepo, mtima umamuwawa, amafuna achitepo kanthu kooneka ndi maso. Musamuweruze msanga.

Mwanawe, ine chimene chandikhudza ndi zoti wapatsidwa kulemba mbiri. Chonde usakalembe zija timamva pamaliro paliponse zoti anabadwa chaka chakuti, anabereka ana akuti, adzukulu akuti, anali wokonda mapemphero, yatha. Aliyense amanenedwa choncho ngakhale amene sankaponda kutchalitchi. Pita kwa amayi anzawo a mu bungwe amene atsala, ukhale nawo pansi ndi foni yako ujambule mawu, akuuza zinthu zimene ngakhale mayi ako sakuzidziwa. Ife timadziwana zambiri, timasambitsa limodzi maliro, timagonera limodzi kuchipatala podikirira odwala. Uwafunse kuti ndi ana angati anawaimira pa ubatizo, uona chiwerengero chake udabwa. Uwafunsenso ngati anapita nawo kukaona Papa John Paul wachiwiri atabwera mu Meyi 1989, amayi ambiri a msinkhu umenewo anakwera malole kupita ku Blantyre ndipo nsalu ya Papa ija ena anaisunga mpaka imfa osaivala kumunda ngakhale tsiku limodzi.

China, usaiwale kuwadziwitsa amayi a bungwe mwadongosolo, kudzera kwa wapampando wawo, osati kungomva mphekesera. Abwera ndi yunifolomu, aimba, nkhuni ndi madzi atunga okha. Ukapanda kuwauza adandaula kwambiri chifukwa munthuyo anali wawonso, si wa banja lanu lokha.


Kabaza_wa_paBoma:

Chabwino mayi ndamva, ka simenti wamba ndavomera kkkk koma chithunzi ayi, dzuwa la kuno miyezi itatu nkhope yayera mbee.


Mdzukulu_wa_kwaMponda:

Zikomo nonse, ndabweranso. Ndinasowa masiku angapo chifukwa ndimatsatira zimene munandiuza ndipo zina zandisokoneza mutu.

A katekisiti munalondola. Sutikesi yachitsulo ija inali pansi pa bedi chimwalirireni, mayi anga ankaopa kuitsegula. Tapezamo nsalu ya Papa yopindidwa bwinobwino ikununkha mankhwala a njenjete, yunifolomu yachiwiri, kandulo yotsala theka, ndi jumbo ya shuga yodzaza makadi a mtulo omangidwa ndi mphira, chaka ndi chaka, ngakhale cha 2002 chomwe chija anthu ankadya gaga ndi zikhawo za nthochi. Khadi la ubatizo linalimonso, lothimbirira koma likuwerengeka. Sanabatizidwire kuno, anabatizidwira ku Nankhwali ali kale mtsikana wamkulu, dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Ndiye chaka chobadwa chikhalabe choyerekeza koma zikuoneka kuti ID inawachepetsera zaka. Ndikufuna ndikafikeko ndithu ndikaone bukulo ndi maso anga ndikapeza thiransipoti.

Kenako ndinapita kwa gogo wina mnzawo wa mu bungwe monga munanenera mayi, maso sakuonanso koma mutu uli bwinobwino. Ndinakhala maola atatu. Anandiuza chinthu chimene palibe anandiuzapo pakhomo pathu. Akuti anganga atakwatiwa ndi agogo aamuna ukwati sunadalitsidwe kutchalitchi, ndiye anaimitsidwa kulandira Ukaristia zaka zambirimbiri, ana anayi oyamba anabadwa iwo asakulandira. Koma akuti Lamulungu lililonse ankabwera, kukhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, anzawo akamapita kukalandira iwo n'kugwada pomwepo mutu pansi. Kusesa ankasesabe. Achibale a mwamuna ankawanena kuti mpingo wakutaya bwanji osangolowa Chisilamu, akumpingo enanso ankawayang'ana ndi diso lina. Mpaka tsiku lina agogo aamuna okha anavala kanzu yawo ndi kofia n'kupita kwa bambo mfumu kukanena kuti mkazi wangayu akuwonda ndi nkhani imeneyi, ndiuzeni chofunika. Iwo sanasiye Chisilamu, mpaka imfa ankaswali kasanu, koma ukwati unakonzedwa. Gogo uja akuti tsiku limene anganga analandiranso analira mpaka amayi anzawo anachita kuwagwira potuluka.

Ine ndinakula ndikuona munthu wa pa benchi ya kutsogolo, sindinkadziwa kuti anayambira pa chitseko. Pobwerera ndinaima kaye pa mlatho wa Bakili Muluzi kuyang'ana madzi chifukwa kunyumba sindikanatha kulowa ndi nkhope imene ija.

Ndiye pali nkhani ya amalume aang'ono, achisilamu aja amene tonse timawaona ngati ovuta pa gulupu. Zaka zitatu zomaliza miyendo ya anganga itayamba kutupa ine ndinali ku Zomba kusukulu, ndimangoganiza kuti ankapita ku Misa pa kabaza. Ayi ndithu, ndi amalumewa ankawakweza pa njinga yawo Lamulungu lililonse, kuwatsitsa pa geti, iwo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira mpaka Misa ithe, ndipo mukudziwa Misa ya kwaya ziwiri mmene imatalikira. Mwezi wa Ramadhani womwe, ali pa swaumu, akusala kudya, dzuwa lili phwee. Atadwalika ndi iwonso anathamanga usiku kukagogoda kwa ansembe kuti abwere adzawadzoze mafuta. Sananenepo pa gulupu ngakhale kamodzi. Ndinawafunsa za sadaka monga munanenera a Mjomba, akuti za shehe sanaganizeko n'komwe, akungofuna anthu amene mayi awo ankawapititsira phala adzadye mpunga tsiku limodzi, ndipo mayina awo ali nawo pamtima, anawatchula khumi ndi anayi ndili pomwepo.

A kabaza, kuti ndisawalakwire amalume a ku Joni, ankatumiza ndithu, malata a nyumba ya anganga anagula ndi iwowo. Maliro sanakhalepo chifukwa mapepala awo sali bwino, akanatuluka sakanabwereranso, anaonera pa vidiyo kolo akulira ngati mwana. Ndawaimbira ndawauza za simenti wamba, sanavomere sanakane, angoti ndiganize kaye. Ndikuona ngati chithunzi chokha ndiye sagonja.

Misa talembetsa, ikhala kutchalitchi m'mawa, kumanda atitsogolera a katekisiti. Mkangano watsopano ndi wa kolona ija ya ulusi wa ukonde. Sitinawaike nayo m'bokosi, anapita ndi yatsopano imene amayi a bungwe anabweretsa. Mayi anga akuti ndi yawo poti ndi mwana wamkazi wamkulu, koma mayi aang'ono achisilamu aja akuifunanso, akuti sadzapempherera koma ulusiwo ndi wa bambo awo ndipo mikandayo ndi ya mayi awo. Apa ndiye sindikudziwa kuti ndiime mbali iti.


Katekisiti_wopuma:

Za ukwatizo mukazipeza m'buku la ku Nankhwali, pambali pa dzina lawo. Koma musanaziike mu mbiri yowerenga pagulu afunseni kaye mayi anu ndi amalume onse awiri, pali mabanja ena safuna kuti zoimitsidwa zitchulidwe. Akalola, muwerenge ndithu, pali amayi ambiri akukhala kumbuyo kuja lero lino. Za kolona ine sindilowererapo, ndinaweruzapo nkhani ngati imeneyi kamodzi ndipo mpaka lero mbali ina sindipatsa moni.


Mjomba_wa_kuNamwera:

Kolonayo apatseni mayi aang'onowo asunge, akuluwo ali nazo zina zopempherera. Koma ndi maganizo anga chabe musakanene kuti Msilamu wa pa intaneti ndiye wagamula kkk. Anthu khumi ndi anayi kuphatikiza amayi a bungwe, a kwaya ndi a m'mudzi ongobwera okha, mbuzi imodzi siikwana, uzani a ku Joniwo achotse matailosi awiri agule yachiwiri. Ndipo mugule msanga, Disembala akamayandikira mavenda amakweza mtengo.